Mtondo Umene Unalangizidwa Usiku Wonse

Padangokhala, padangotero. Vomerani bwino kuti tili tonse, osati kung'ung'udza ngati ndakudzutsani.

Kalekale nyama zinali ndi midzi iwiri, wa Kumtunda ndi wa Kutsidya, koma dziwe losaphwa m'chilimwe linali limodzi lokha. Pofuna kupewa ndewu, makolo anaika lamulo. Mitsinje ikangoyamba kuphwa, mudzi uliwonse unkasankha wothamanga mmodzi. Awiriwo ankanyamuka padziwepo dzuwa likutuluka, kukazungulira kuseri kwa phiri, n'kubwerera madzulo. Mudzi wa wopambana unkayamba kumwa tsiku lililonse chilimwe chonsecho. Mudzi wa wogonja unkabwera pambuyo, anzawo atapondapondamo, n'kumamwa matope.

Wothamangira a Kumtunda anali Mphalapala, mtsikana waliwiro, wosadziwa kutopa. Pa masiku wamba ankamusiya kutali Nyumbu, wothamangira a Kutsidya. Koma pa tsiku lenilenilo, zaka ziwiri zotsatizana, anagonja. Ankatsogola m'mawa wonse. Dzuwa likafika paliwombo, pa mkuyu wina wa panjira, miyendo inkayamba kulemera, maso n'kumatsekeka okha. Ankati akhale pansi pang'ono pokha. Podzidzimuka, mithunzi yatalika, Nyumbu wadutsa kalekale.

Matope a chaka chachiwiri anatsala pang'ono kutenga mayi ake a Mphalapala. Anadwala m'mimba miyezi itatu, anatsala mafupa okhaokha, ndipo chinawapulumutsa ndi mvula yoyamba. Aliyense ankadziwa, ngakhale sankanena, kuti chilimwe china cha matope mayiwo sangachimalize.

Nanga vuto linali pati? Khalani chete ndikuuzeni.

A Kumtunda anali ndi mwambo. Usiku woti mawa ndi liwiro ankachita mchezo. Wothamanga ankamukhazika pamphasa pakati pa bwalo, miyendo atawongola, n'kumufunditsa nsalu thupi lonse. Sankaloledwa kulankhula kapena kuchoka pamphasapo. Akamva langizo ankangowomba m'manja katatu. Akuluakulu ankabwera mmodzimmodzi kudzamulangiza, ng'oma zikulira mpaka kucha. Woyambitsa nyimbo anali mayi ake enieniwo. Nyimboyo inkatchula mayina a makolo onse amene anathamangapo kale, ndipo ikamatha mayiwo ankafunsa mokweza ngati mwana wawo ali maso. Khamu lonse linkavomera kuti ali maso, ndipo saphethira mpaka dzuwa limuone.

Musawaseke ayi, zonsezi zinali za chikondi. Kungoti chikondi china chimatopetsa.

Ng'oma zake zinkachokera Kutsidya. A Nkhandwe, nduna ya kumeneko, ankabwera nazo okha chaka chilichonse pamodzi ndi oimba awo, ati ndi chibale. A Kumtunda ankangoti, “Koma a Nkhandwe ndi amtima wabwino!” Mtima wabwino wake uti!

M'mudzimo munali mkamwini, dzina lake Changa, amene anakwatira mkulu wake wa Mphalapala. Musandifunse kuti kanyama kakang'ono choncho kanakwatira bwanji kwa amphalapala, nthawi imeneyo zinkatheka. Changa ankagona usana wonse, ndiye mudzi wonse unkamutcha mlesi. Usiku ndi pamene ankayenda m'mitengo. Pa mchezo wa chaka chachiwiri, ng'oma zitamusokosa, anayenda mpaka kukafika Kutsidya. Anapeza kuli zii. Nyumbu ankaliza mkonono m'nyumba mwake, pakhomo patakhala nkhalamba ziwiri ndi ndodo, zikuthamangitsa ngakhale nkhululu.

Chaka chachitatu, kutatsala masiku awiri, Changa anadzikakamiza kudzuka masana n'kupita kwa a Njiri, nduna ya Kumtunda.

“Zikomo akuluakulu, ndili ndi kamawu.”

“Mkamwini wadzuka dzuwa likuswa mtengo? Lero kugwa mvula. Nena.”

“Mchezowu bwanji tidzachite liwiro litatha? Mlamu wanga agone.”

“Agone?” A Njiri anayang'ana anzawo. “Mwamva? Akuti agone! Usiku wa makolo! Iwe unabwera kudzakwatira, sunabwere kudzatiphunzitsa mwambo. Nkhani za tulo uzikakamba ndi mkazi wako.”

“Komatu wa Kutsidya amagona, ndinamuona ndi maso angawa.”

“Unalota. Ntchito yako ndi yomweyo.”

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Changa anachoka makutu ali pansi, nakapeza Mphalapala kuseri kwa nyumba akusinja chimanga.

“Alamu, mukudziwa chimene chimakugwetsani pamkuyu paja?”

“Ndikudziwa, alamu. Ndi tulo.”

“Nanga osanena bwanji?”

Mphalapala anaimika munsi. “Ndikanene kwa yani? Amayi akhala akukonza mawu awo mwezi wathunthu. Dzulo ndinawamva akuyeserera kuseri kwa khola, uku akutsokomola. Ndiye ine ndikawauze kuti nyimbo yawo ndi imene ikuwamwetsa matope? Mawu amenewo sangatuluke pakamwa panga.” Misozi inagwera mumtondo. “Ndikuopa, alamu. Ndikagonjanso, ndawapha ndine.”

Changa anayamba kuzungulira mtondowo, akuuyeza ndi maso.

“Mtondo uwu ndi msinkhu wanu mukakhala pansi.”

“Alamu, mwayambatu.”

“Ndipo m'chiuno ukukuposani kukongola. Mundibwereke, ndi minsi iwiri.”

Tsiku la mchezo linafika. Madzulo mudzi wonse unathamangira kunjira kukalandira ng'oma za a Nkhandwe. Ntchito yoyala mphasa ndi kufunditsa nsalu inali ya mkamwini, pakuti ntchito zonyozeka zonse zinali zake. Changa anakweza mlamu wake m'nkhokwe ya mayi ake, namutseka m'makutu ndi thonje. Kenako anaimika mtondo pamphasa, kugoneka minsi iwiri kutsogolo ngati miyendo, kumangirira nthambi ziwiri zokhota pamwamba ngati nyanga, n'kufunditsa nsalu. Iye mwini anadumphira mumtondomo nakhala phee.

Khamu linafika. A Nkhandwe anaima pakati pa bwalo, mchira uli m'mwamba. “Abale anga, mwambo wanuwu musadzausiye! Wothamanga wopanda mchezo ndi mwana wotayidwa. Lizani ng'oma!”

Ng'oma zinalira, mayi aja anayambitsa nyimbo, kutchula makolo onse, kufunsa ngati mwana ali maso, khamu n'kuvomera.

Woyamba kulangiza anali a Njiri. Anakhala pansi, kutsokomola, n'kuyamba: “Mwanawe, ine m'nthawi yanga…” Ndikuuzeni, a Njiri chibadwire sanathamangepo kupitirira pa una wawo. Koma anafotokoza mopumira pachitunda, moponda pamchenga, moyang'anira mdani ndi diso limodzi. Atamaliza gawo loyamba anadikira kuwomba m'manja.

Changa anawomba. Koma timanja ta changa mukutidziwa. Panangomveka ka phe, phe, phe.

“Kuwomba kwanji kumeneko, ngati kwa khanda?” anakalipa a Njiri. “Mwana iwe wayamba mwano? Kapena ndivundukule ndione?”

Changa thukuta linali kamukamu. Anakunga chibakera namenya m'mbali mwa mtondo katatu. Phu! Phu! Phu!

“Eyaa!” anatero a Njiri. “Ulemu wake ndi umenewo. Mwamva kulemera kwake? Ana a masiku ano ambiri satha.” Ndipo anapitiriza kulangiza mtondo mpaka pakhosi panauma.

Nyimbo inabwereranso. Makolo anatchulidwa, funso linafunsidwa, khamu linalumbira kuti mwana ali maso.

Wachiwiri anali a Nungu, sing'anga wa m'mudzimo, amene ntchito yawo inali kutema mphini m'miyendo ya wothamanga ndi kupakamo mankhwala. Anagwada, kupisa dzanja pansi pa nsalu, kugwira munsi. Anazula munga umodzi pamsana pawo n'kutema. Munga uja thyo! Anazula wina. Thyo! Wachitatu unangokanda pang'ono.

Changa anatsinzina. Mumtima anati, basi, lero ukamwini watha.

A Nungu anasisita munsi uja kuyambira kumwamba mpaka kumunsi. Anaimirira pang'onopang'ono.

“Anthuni!” anafuula. “Mankhwala anga a chaka chatha aja ayamba kugwira tsopano! Miyendo yauma gwa! Ndatema katatu, mwana sanagwedezeke n'komwe. Amene ankati ine ndakalamba abwere adzagwire yekha!”

Palibe anapita kukagwira. Amayi analuluta, ng'oma zinakwera, nyimbo inabwerera kachitatu.

Koma Changa sanasangalale. Makutu ake aja amamva zakutali, ndipo pakati pa phokoso lonselo ankamva chimanga chikuchita tswatswa m'nkhokwe. Mphalapala ankangotembenuka. Thonje linali litalephera. Mtondo unali kulangizidwa bwinobwino, koma mwini wake sanali kugona, ndipo usiku unali kupita.

Apo n'kuti itakwana nthawi ya mayi. Pa mwambowo, mayi yekha ndi amene ankalowetsa mutu pansi pa nsalu kukamwetsa mwana thobwa. Mayi aja anabwera ndi chikho, nagwada, nalowetsa mutu.

Maso ndi maso ndi mkamwini wawo!

Inu mukudziwa. Anthu awiriwa, chikwatirire Changa pamudzipo, sanayang'anizanepo. Akakumana panjira, wina ankalowera kutchire uku, wina uko. Lero mphuno zinatsala pang'ono kugundana. Changa anatembenuka msangamsanga nayang'ana kukhoma la mtondo.

“Apongozi,” ananong'ona mayiwo, “mwana wanga ali kuti?”

“Ali m'nkhokwe, amayi. Mudzandilange mawa, ndidzavomera. Koma mwana wanu akapanda kugona pano amakagona pamkuyu. Wa Kutsidya pano akuliza mkonono, nkhalamba zikumulondera. Ng'omazi a Nkhandwe sabweretsa chifukwa cha chibale.”

“Iyeyo akudziwa zimenezi?”

“Akudziwa. Amaopa kukukhumudwitsani.”

“Ndiye kuti zaka zonsezi, ndine amene…”

“Ayi amayi. Ndi ng'oma.”

Mayiwo zinawapweteka, pakuti nyimbo imeneyo ndi chinthu chokhacho chimene ankaganiza kuti akumuthandiza nacho mwana wawo.

“Wagona?”

“Akulephera. Phokosoli lili pafupi.”

“Ndichite chiyani?”

Changa, akuyang'anabe kukhoma, anawanong'oneza mawu angapo. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anamupatsira chikho chammbali. “Imwani, apongozi. Usiku ndi wautali.”

Kunjaku a Nkhandwe anali atayamba kukayika. “Mtsikana wathu wakhala mowongoka kwambiri chaka chino,” anatero. “Chaka chatha pofika pano n'kuti akusinza, tikumudzutsa. Tavundukulani timuone nkhope!” Ndipo anayamba kuyandikira, dzanja atatambasula.

Mayi aja anatulutsa mutu naima pakati pa a Nkhandwe ndi nsalu.

“A Nkhandwe, mawu amene ndamva pansi pa nsaluyi andichititsa manyazi. Zaka zitatu mwakhala mukutibweretsera ng'oma, kusiya mwana wanu Nyumbu yekhayekha, wopanda nyimbo, wopanda langizo, ngati wamasiye. Ife kumangolandira! Ayi, lero tibweze. Nyamulani ng'oma, tonse tikamuchezere.”

A Nkhandwe mchira unagwa. “Aa, ayi mayi, musavutike. Ndi kutali. Komanso inu simunachiritsitse.”

“Kuvutika kotani?” analowerera a Njiri. “Si inu mwanena pano kuti wothamanga wopanda mchezo ndi mwana wotayidwa? Ine malangizo anditsalira ambiri.”

“Ine minga ndikadali nayo,” anatero a Nungu, akugwedeza msana.

“Koma kwathu mwambo wake…”

“Mukutikaniza chibale, a Nkhandwe?” anafunsa mayiwo.

A Nkhandwe anayesa kotsiriza: “Nanga mtsikanayu timusiya yekha? Tipite naye.”

“Wothamanga sachoka pamphasa, mwaiwala? Apongozi anga amulondera.”

“Ali kuti mlesi ameneyo?” anafunsa a Njiri.

“Ali pafupi. Amene aja sagona usiku.”

Ng'oma zinakwera pamitu. Khamu silikanayenda popanda woyambitsa nyimbo, ndiye mayi aja, ndi miyendo yawo yowondayo, anatsogola. Njira inkadutsa pafupi ndi nkhokwe. Atafika pamenepo anatsitsa mawu. Anatchula makolo aja pang'onopang'ono, mmene ankaimbira kale mwanayo ali kumsana. Pamene pankayenera kubwera funso loti kodi ali maso, sanafunse. Khamu linadikira, linasowa chovomera, ndipo linadutsa pankhokwepo mwakachetechete osadziwa chifukwa chake.

M'nkhokwe muja chimanga chinasiya kuchita tswatswa.

Zimene zinachitika Kutsidya, ine ndimamumvera chisoni Nyumbu, pakuti mnyamatayo analibe mlandu. Nkhalamba zolondera zija zinathawa ndi ndodo zawo. Anamutulutsa, kumukhazika pamphasa, kumufunditsa nsalu. A Njiri anayambiranso pachiyambi: “Ine m'nthawi yanga…” A Nungu anapeza miyendo yofewa bwino, minga siinathyoke. Ndipo mayi aja anafunsa ngati mwana ali maso, kufunsa, kufunsanso, mpaka mawu anawathera. A Nkhandwe ankangovina nawo, mano ali gwa.

Kumtunda, Changa anakwera padenga la nkhokwe. Nkhululu ikati iyambe, iye waigwira. Mleme ukati uyandikire, iye waupirikitsa. Tambala atakweza khosi kuti alire koyamba, anangozindikira mlomo wagwidwa.

“Lero ulira kamodzi kokha,” anatero Changa, “ndipo ndikuuza ndine.”

Kum'mawa kutafiira anamumasula, nagogoda pankhokwe. “Alamu, kwacha. Tulukani, mbewa zikudandaula mkonono.”

Mphalapala anatsika, kudziwongola, mafupa kulira. Anasunthira mtondo ndi minsi pambali, nakhala pamphasa nadzifunditsa nsalu, ndipo khamu pobwera linamupeza pomwe linasiya mtondo.

Dzuwa litatuluka, awiriwo ananyamuka. Nyumbu, maso ali psuu, miyendo ikunyerenyetsa ndi mphini, anayamba ndi ukali wofuna kumaliza msanga. Mphalapala anamuleka apite. Anagwira liwiro lake limodzi, osakweza, osatsitsa.

Dzuwa litafika paliwombo anauona mkuyu uja. Anadikira kuti miyendo ilemere monga mwa masiku onse. Anadikira kuti maso ayambe kutsekeka. Palibe chinachitika. Pansi pa mtengowo, pamalo pake penipeni paja, panali Nyumbu, atatsamira tsinde, kukamwa kuli yasa.

Mphalapala sanaseke. Tulo timeneto ankatidziwa, ndi manyazi ake omwe. Anathyola nthambi namutchingira dzuwa kumaso, napitiriza ulendo.

Anafika padziwe dzuwa likadali ndi mphamvu. A Kumtunda anachita ngati apenga.

“Malangizo anga!” anafuula a Njiri. “Ndinamuuza ine za pachitunda!”

“Mankhwala anga!” anafuula a Nungu. “Taonani miyendoyo!”

Mphalapala anawadutsa onse nakagwada pamaso pa mayi ake, amene ankayesa kululuta koma pakhosi posatuluka kanthu.

“Amayi, mundikhululukire. Ndinathawa nyimbo yanu.”

Mayiwo anapukusa mutu.

“Koma ya pankhokwe ija ndinaimva. Kuchokera pamenepo sindikukumbukanso china.”

Mayiwo anamugwira kumaso ndi manja onse awiri, misozi ili chuchuchu. Mphalapala anatenga chikho natunga madzi oyamba, oyera mbee, pansi pa chikho pakuoneka. Mayi ake anamwa pang'onopang'ono, koma atafika pakati analeka. Anaimirira ndi chikhocho nayamba ulendo wa kumudzi.

Khamu linawatsatira ndi ng'oma, lili ndi cholinga chovina mpaka mawa. Pofika pabwalo a Njiri anasuzumira mumtondo umene unali pambali pa mphasa.

“Taonani! Mudzi wonse ukusangalala, kamkamwini kagona mumtondo! Ulesi wanji umenewu? Bweretsani ng'oma pano, tikadzutse!”

Mayi aja anaika chikho pansi pafupi ndi mtondo, nachivundikira ndi tsamba. Kenako anatola munsi, nakhala pansi kutsogolo kwa mtondowo, munsi uli pamiyendo. Mawu analibe. Anangoyang'ana a Njiri, kuyang'ana oimba ng'oma, mmodzimmodzi.

A Nungu anayang'ana munsiwo. Anaona timizere titatu tokandika, ndi kansonga ka munga wawo katatsalira m'mtengo. Anayang'ana miyendo ya Mphalapala, yosalala, yopanda mphini ndi imodzi yomwe. Anatsokomola.

“A Njiri,” anatero motsitsa, “tiyeni tizipita. Mchezo tidzachita mawa.”

Ng'oma zinatsika pansi. Khamu linabalalika likuyenda monyang'ama. Mayi aja anakhalabe pomwepo akuingitsa ntchentche, mpaka dzuwa linalowa, mkamwini wawo n'kudzuka yekha, n'kupeza madzi oyera akumudikira.

Chilimwe chimenecho mayiwo anachimaliza, ndi zina zambiri pambuyo pake. Kuyambira pamenepo a Kumtunda amachita mchezo liwiro litatha, ndipo a Njiri amauza aliyense kuti nzeru imeneyo anaiganiza ndi iwo. Changa sawatsutsa, amakhala ali mtulo. Mpaka lero amagona usana wonse, ndipo simudzamva nyama ikumutcha mlesi, pakuti onse akukumbuka amene anamulondera ndi munsi kutsogolo kwa mtondo uja.

Nthano yanga yagona pamenepa. Amene wasinza pakati panu musamugwedeze, mufunditseni.